Kodi wakhoza bwino abwerezenso mayeso?

Muphwa wanga atamaliza kalasi ya 12 analemba mayeso olowera ku yunivesite. Zotsatira zitatuluka, anali ndi 15 pa 20. Kwathu kuno 10 ndi kukhoza kale, conco mudzi wonse unamuyamikira. Anapatsidwa malo ophunzira za ulimi ku Ulónguè, pa nthambi ya UniZambeze. Koma iye mtima unali pa udokotala, umene yunivesite yomweyo imaphunzitsa ku Tete, ndipo kumeneko malo anatha dzina lake lisanafikidwe.

Madzulo ena anabwera nakhala pansi. Anati, “Malume, ndikufuna kudikira caka camawa ndilembenso. Mukuti bwanji?”

Sindinamuyankhe tsiku limenelo, cifukwa miyambi ya makolo inandikokera mbali ziwiri. Wina umati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina umati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Kodi mwana wosiya malo ali m'manja kuti alembenso ndi wodekha, kapena ndi pusi?

Nditaganiza, ndinaona kuti nambala ya mayeso ili ngati kiyi. Mayeso amenewa sayesa ngati munthu ndi wanzeru basi. Amandandalika anthu, ndipo malo akakhala ocepa amatengedwa kuyambira pamwamba mpaka atatha. N'cifukwa cake 15 yomweyo ikhoza kutsegula citseko cina n'kukanika pa cina. Ngati kiyi watsegula nyumba imene umafuna, kusulitsa wina n'kunyada cabe. Alipo ana amene amafuna kubwereza cifukwa mnzawo anawaposa, ndipo amenewo ndingawauze mosabisa kuti alowe, akaphunzire. Koma ngati citseko cimene unalinga cikadali cotseka, kugogodanso si dyera.

Komabe pali funso lina limene acinyamata amalumpha: caka cimeneco n'ca yani? Ndalama zolembetsera ndi za ulendo zinacokera ku mbatatesi zimene mayi ake analima. Mng'ono wake akudikira kuti mkulu amalize, naye alandire thandizo. Caka codikira cimadya nkhokwe ya banja lonse. Ndiponso mayeso salonjeza kanthu. Amene wapeza 15 lero akhoza kupeza 13 mawa, malo a ku Ulónguè atapita kwa wina.

Ndiyenera kuvomera kuti nanenso ndinali ndi dyera langa. Ndinkafuna aphunzire pafupi, kumene tingamutumizire ufa, ndipo ndinkalakalaka katswiri wa ulimi pa mtundu pathu. Ndikanamukakamiza n'kunena kuti ndi nzeru za akulu, ndikanamunamiza. Moyo umene adzakhale ndi wake. Munthu wogwira nchito imene sanaifune zaka makumi atatu amalipira mtengo woposa wa caka cimodzi.

Atabweranso ndinamufunsa mafunso atatu. Kodi ukufuna udokotala weniweniwo, usiku wa kucipatala ndi fungo la mabala, kapena ukufuna kuitanidwa dokotala? Kodi ukudziwa pamene unatayira mamalikisi, ndipo udzacita ciyani cosiyana? Kodi mayi ako ndi mng'ono wako wawafunsa, popeza nawonso adzalipira?

Funso laciwiri analiyankha msanga: anagwa pa Química, ndipo anali atapeza kale mphunzitsi womuthandiza. Loyamba analiyankha mwamanyazi koma moona. Lacitatu linamukhalitsa cete. Anapita kwa mayi ake, ndipo anagwirizana kuti alembenso kamodzi kokha, ndipo caka cimeneco alime nawo dimba kuti ndalama za mayeso zicokere m'thukuta lake.

Zotsatira sizinatuluke, ndipo mwina adzalira. Koma ndikhulupirira kuti anasankha bwino, cifukwa anadziwa cimene akufuna, anawerenga mtengo wake, ndipo anapempha cilolezo kwa amene adzamuthandize kuusenza. Inu amene mwana wanu wabwera ndi funso lomweli, musayambe ndi nambala. Mufunseni kuti akufuna kulowa pa khomo liti.