Chakudza Sichiimba Ng'oma, Nanga Chingalembe Kalata?

Ntchito yanga kuno ku England ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. M'mawa ndimagogoda, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi tiyi, kenako ulendo wa khomo lina. Kwa gogo ena amene ndinawasamalira zaka ziwiri, choyamba kuponda ndikatsegula chitseko anali makalata. Kuno makalata sakatengedwa ku positi ofesi ngati kwathu. Amalowetsedwa pa kabowo ka pachitseko n'kugwera pansi. Kwa anthu ena amagwa awiri kapena atatu. Kwa gogowa unkagwa mulu.

Ankawadikira ngati mlimi wodikira mvula yoyamba. Amuna awo anatsogola kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo ali kutali, foni imalira mwa apo ndi apo. Tsiku lina maso akuwavuta anandipempha kuti ndiwawerengere kalata imodzi. Inali yochokera kwa mayi wina wodzitcha woona zam'tsogolo. Dzina la gogo linatchulidwa pafupifupi m'ndime iliyonse. Mayiyo akuti anadzidzimuka pakati pa usiku atawalota. Akuti akudziwa kuti avutika kwambiri pamoyo wawo, ndiponso kuti anthu sanayamikire ubwino wawo. Chuma chambiri chili m'njira, koma pali wina wansanje amene watchinga. Kuti njira itseguke, atumize mapaundi 30, chithunzi chawo ndi katsitsi pang'ono, masiku asanu ndi awiri asanathe. Ndipo asauze munthu, chifukwa akangoulula mphamvu yake itha.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Kenako gogo anati, "Mwana wanga, amene amandikumbukira ndi yekhayu." Kuseka kunandithera pakhosi.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti makalata otere ndi malonda aakulu, okhala ndi maofesi, makina osindikizira ndi antchito olandira malipiro pakutha pa mwezi. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya dzina la Maria Duval. Mayiyu analipodi, ankakhala m'mudzi wa Callas kumwera kwa France, ndipo atolankhani awiri a CNN, Blake Ellis ndi Melanie Hicken, atalondola nkhaniyi anapeza kuti dzina lake analigulitsa kwa amalonda. Kuyambira mu 1994 mpaka mu 2014, kampani ya Patrice Runner ya ku Montreal inkatumiza ku America makalata mamiliyoni m'dzina la Duval ndi la mnzake Patrick Guerin. Khoti la ku New York linamupeza Runner wolakwa mu 2023, ndipo mu 2024 linamulamula kukhala m'ndende zaka khumi. Boma la America linati anthu oposa 1.3 miliyoni anaberedwa madola oposa 175 miliyoni. Zolemba zooneka ngati za dzanja zija zinali za makina. Zithumwa zinali tinthu totchipa togulidwa chipiku. Mayankho a anthu sankafika kwa woloserayo. Antchito ankatsegula envulopu n'kuchotsamo ndalama basi.

Nanga kalata imodzi ingakhudze bwanji mitima ya anthu miliyoni, aliyense n'kumati ikunena za iye yekha? Mu 1948 mphunzitsi wa zamaganizo, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mapepala n'kuwauza kuti lililonse likufotokoza khalidwe la mwini wake. Ambiri anavomera kuti lawafotokoza ndendende. Zoona zake n'zakuti onse analandira mawu amodzimodzi. Ndani sanavutikepo? Ndani sadziona kuti ubwino wake anthu sauyamikira? Ndani alibe munthu amene amamukayikira kuti amamuchitira nsanje? Kalatayo siidziwa chilichonse cha iwe. Imangotchula mabala amene munthu aliyense ali nawo, iwe n'kuloza wekha pamene pakukupweteka.

Funso limene landisowetsa tulo si lakuti akubawo amachita bwanji. Ndi ili: kodi kufuna kudziwa za mawa ndi uchitsiru, ndi tchimo, kapena ndi umunthu chabe?

Sindingayankhe ngati woyera m'manja. Bambo anga atadwala, amayi, mayi wa Mvano wovala yunifolomu Lachinayi lililonse, anazemba m'bandakucha kupita kukaombeza ula. Ineyo, mapepala anga okhalira m'dziko muno atachedwa, ndinatumiza ndalama kwa munthu wina wodzitcha mneneri pa WhatsApp, amene anandiuza kuti waona dzina langa m'masomphenya. Sindinauze mwamuna wanga. Kusiyana kwa ine ndi gogo aja kunali kwakuti yanga inabwera pa foni, yawo pa pepala.

Makolo athu ankadziwa kuti mawa n'lobisika. Anati chakudza sichiimba ng'oma, anatinso tsoka silinunkha. Komabe makolo omwewo ndi amene ankapita kwa woombeza. Poyamba ndinkaona ngati ankadzitsutsa, koma tsopano ndikuona kuti munthu sapita kukaombeza pamene zinthu zili bwino. Amapita mantha akamukulira, ndipo chimene akufuna kwenikweni n'chakuti wina amumvere n'kumuuza kuti mavuto akewo ali ndi mutu ndi mchira. Sindikuikira kumbuyo ula; waswa mabanja ambiri kwathu, ndipo agogo osalakwa aphedwa chifukwa cholozedwa chala kuti ndi mfiti. Koma woombeza wa pamudzi nkhope yake imadziwika, nyumba yake imadziwika, akanama mawa mukumana naye pachitsime kapena pamaliro. Wa m'kalata alibe nkhope. Ali ndi nambala ya bokosi la positi m'dziko lina.

Baibulo limaletsa kuombeza momveka bwino, monga pa Deuteronomo 18. Koma nkhani ziwiri zimandiphunzitsa kuposa lamulolo. Yoyamba ili pa Machitidwe 16. Ku Filipi kunali mtsikana kapolo wolosera, ndipo ndalama zake zinkapita kwa ambuye ake. Paulo atatulutsa mzimuwo, ambuyewo sanalire kuti choonadi chatayika. Anakwiya kuti phindu latha, n'kukokera Paulo ndi Sila kubwalo. Kuseri kwa wolosera kunali eni malonda, monga zinalili kuseri kwa dzina la Duval.

Yachiwiri ndi ya mfumu Sauli pa 1 Samueli 28. Iye yemwe anali atathamangitsa obwebweta m'dziko, koma nkhondo ya Afilisti itayandikira, Mulungu ali chete, anadzibisa n'kupita usiku kwa mkazi wa ku Endori. Anamvadi za mawa: kuti iye ndi ana ake afa. Kudziwako sikunamupulumutse, anangogwa pansi, mphamvu zitamuthera. Chothandiza chokhacho chimene anapeza m'nyumbamo chinali chakudya. Mkaziyo ataona kuti mfumu sinadye tsiku lonse, anapha mwanawang'ombe, naphika mkate, namukakamiza kuti adye. Ulosi unamugwetsa, chakudya chinamudzutsa.

Apa ndi pamene ndinapeza yankho langa. Kufuna kudziwa za mawa si uchitsiru. Ndi njala ya munthu wamantha amene watsala yekha. Choipa chili mwa amene amaika mtengo pa njalayo. Chikhulupiriro, mmene ndimachimvera ine, sichilonjeza kukuonetsa mawa. Chimalonjeza kuti mawalo sukalowamo wekha. Ndiye aliyense wokuuza kuti mwayi wako wamangidwa ndipo mfundo yake imasuka ukalipira, kaya wanyamula makhadi, nyanga kapena Baibulo, akugulitsa katundu amene si wake.

Zizindikiro zake sizisintha. Amafuna ndalama patsogolo. Amakuthamangitsa ndi masiku. Amasakaniza lonjezo ndi chiopsezo, kuti ukapanda kuyankha tsoka likugwera. Amakuuza kuti usaulule. Chinsinsicho ndiye msampha weniweni, pakuti akudziwa kuti mnansi wako akangowerenga akutsina khutu. Dzifunsenso: munthu wodziwa manambala a lotale, mapaundi ako 30 akuwafuniranji?

Chachikulu n'kusayankha, ngakhale kulemba kuti "lekani kundilembera". Ukayankha kamodzi, dzina lako limalowa pa mndandanda wa anthu okopeka msanga, ndipo mndandandawo amagulitsana. N'chifukwa chake kwa gogo aja kunkagwa mulu: lero wolosera, mawa lotale ya kunja, mkuja mankhwala ochiza chilichonse. Iwo ankasangalala kuti abwenzi achuluka, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Marilyn Baldwin, amene anayambitsa kampeni yolimbana ndi makalata achinyengo ya Think Jessica mu 2007 amayi ake atamwalira, anapeza makalata otere pafupifupi 30,000 m'nyumba mwawo. Kuno ku Britain makalatawa ungawatumize, pamodzi ndi envulopu yake, ku Royal Mail pa adiresi yaulere ya Freepost Scam Mail. A Citizens Advice amapereka uphungu n'kudziwitsa a Trading Standards. Ngati cheke chapita kale, kapena manambala a khadi aperekedwa, uza a banki tsiku lomwelo.

Koma zonsezi n'zosavuta poyerekeza ndi kulankhula ndi woberedwayo. Ndinadziwitsa akuluakulu anga a ntchito monga lamulo likufunira, ndipo mwana wa gogo anabwera. Analakwitsa chinthu chimodzi: anawakalipira, nanyamula makalata onse m'matumba a zinyalala iwo akuona. Sabata yonse gogo sanafune kudya. Patadutsa masiku angapo ndinapeza envulopu ina yomata kale, atayibisa pansi pa khushoni. Manyazi sachiritsa, amangophunzitsa munthu kubisa.

Chimene chinathandiza chinali chapang'onopang'ono. Ndinawafotokozera za mneneri wanga wa pa WhatsApp, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako tinayala makalata atatu patebulo, ochokera kwa olosera atatu osiyana. Onse anawalota usiku, onse anaona chuma, onse anaona wansanje. Gogo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Anthuwa amagona pa pilo mmodzi kodi?" Bodzalo analiona okha, ndipo ulemu wawo unatsala.

Makalata sanaleke tsiku limodzi. Anachepa pang'onopang'ono pamene mayankho anasiya kupita. Mpata umene anasiya unafunika kutsekedwa ndi anthu enieni. Mwana uja anayamba kuimba foni Lamlungu lililonse. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anayamba kuwatenga Lachitatu kukamwa tiyi kuholo ya tchalitchi. Ine ndinkayesetsa kuti mphindi zanga zomaliza zisathere pa kulemba lipoti, koma pa mpando woyang'anizana nawo.

M'mawa wina ndikuwapaka mafuta m'manja, ananditambasulira chikhatho mwanthabwala. "Tandiwerengerani, mukuona chiyani?"

"Gogo, za mawa sindikuziona," ndinatero. "Ndikungodziwa kuti ndili pa ndandanda ya ntchito. Ndifika 8 koloko, Mulungu akalola."

"Mubwere ndi mkaka," anatero. "Watha."