Adayamba Wampatula pa Khamu la Anthu

Mthenga Wabwino wa Lamulungu lino la 23 pa Chaka, wochokera pa Marko 7:31-37, ukusimba za munthu wina wa m'dera la Dekapoli amene anali wosamva, ndiponso wovutika polankhula. Anzake adabwera naye kwa Yesu, nampempha kuti amsanjike manja. Anthu anali atasonkhana, aliyense akufuna kuona chozizwitsa. Koma Ambuye asanachite chilichonse, adayamba amuchotsa munthuyo pakati pa chigulu, napita naye pambali. Kumeneko adapisa zala m'makutu mwake, adamukhudza lilime, adayang'ana kumwamba ndi kuusa moyo. Zonsezi ndi zinthu zimene munthu wosamva angathe kuziona ndi maso ndi kuzimva m'thupi. Yesu adalankhula naye m'njira imene iyeyo akadatha kuitsata, ndipo pambuyo pake ndi pamene makutu adatseguka.

Eklezia adasunga zimenezi m'mwambo wa Ubatizo. Wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa mwana, kumupempherera kuti adzamve Mawu a Mulungu ndi kuvomereza chikhulupiriro. Mwambowu umatchedwa Efata, mawu a Chiaramu otanthauza kutseguka. Makutu ndiwo amayamba kukhudzidwa, pakamwa pambuyo. Choncho mkhristu aliyense adalandira ntchito yomvetsera asanalandire ntchito yolankhula kapena yoimba.

M'tauni ntchito imeneyi ndi yovuta. Kukangocha, oitanira minibasi ayamba kale kufuula, chigayo chikulira, njinga zamoto zikuliza mabelu, ndipo pamsika masipika akupikisana. Usiku malo omwera mowa salola ana kugona. Wachinyamata akakwera minibasi amatseka makutu ndi mahedifoni kuti athawe phokoso la ena, nalowa m'phokoso lakelake. Mawu ndi ambiri, koma anthu ochuluka amatha sabata yathunthu popanda wina wowafunsa za moyo wawo ndi kudikira yankho. Mayi wamasiye amene akuchita lendi chipinda chimodzi kumbuyo kwa nyumba ya eni ake akhoza kuzunguliridwa ndi wailesi zisanu, koma ali yekhayekha.

Buku Loyera limadziwa kuti nyimbo ili ndi mphamvu pa munthu wosweka mtima. Pa 1 Samuele 16, mfumu Saulo ankazunzika mumtima mpaka nduna zake zidachita mantha. Iwo adamulangiza kuti afune munthu wodziwa kuimba zeze, ndipo adapeza Davide, mwana wa Yese wa ku Betelehemu. Nthawi zonse vuto likamugwira Saulo, Davide ankatenga zeze wake n'kuimba, mfumu n'kupezako bwino. Davide sankaimbira chikhamu cha anthu. Ankaimbira munthu mmodzi wodwala, m'nyumba, ndipo kuti adziwe nthawi yoyamba ndi nthawi yoleka, ankayenera kumuyang'anitsitsa ndi kumumvetsera. Luso lake linkatumikira wodwalayo.

Zimene nduna za Saulo zidaona, achipatala a masiku ano akuzitsimikiza. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti limene lidaunika kafukufuku woposa 3,000 wokhudza zaluso ndi umoyo, ndipo lidapeza kuti kuimba, kuvina ndi zaluso zina zimathandiza kupewa matenda ena ndi kusamalira odwala. Munthu akamaimba amapuma mozama ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zimakhazika thupi pansi. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden adapeza kuti anthu akamaimba limodzi nyimbo imodzi, kugunda kwa mitima yawo kumayamba kukwera ndi kutsika mofanana, chifukwa onse akupuma nthawi imodzi. Okalamba amene ali ndi matenda oiwalaiwala, ngakhale aiwale maina a ana awo, kawirikawiri amakumbukirabe nyimbo za paubwana wawo. Ena amene adachita sitiroko n'kusiya kulankhula amatha kutchula mawu akamaimba, ndipo madokotala amagwiritsa ntchito njira imeneyi powaphunzitsanso kulankhula. Mulungu amene adaumba khutu adaikamo khomo limene matenda ambiri sathamangira kulitseka.

Eklezia nayenso amalemekeza khomo limeneli. Mu 1958 ku Kamina, m'dziko la Congo, bambo Guido Haazen pamodzi ndi kwaya ya anyamata adakonza Misa yotchedwa Missa Luba, imene mawu ake anali Achilatini koma maimbidwe ndi ng'oma zinali za anthu a kumeneko. Pa 4 December 1963, Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani udatulutsa chikalata cha za Chipembedzo, chimene chidalola zilankhulo za anthu m'Misa ndi kulamula kuti maimbidwe a makolo a mitundu ya anthu apatsidwe ulemu ndi malo ake. Kuno ku Malawi, malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher adayambitsa ku Mua mu 1976 asunga magule, nyimbo ndi zosema za Achewa, Angoni ndi Ayao. N'chifukwa chake lero ng'oma ndi visekese zimalira m'tchalitchi popanda wodabwa. Cholinga cha Msonkhano uja chinali chakuti mpingo wonse uzitenga mbali m'mapemphero, gogo wa pabenchi ya kumbuyo pamodzi ndi woimbitsa wa kutsogolo.

Apa ndi pamene parishi ya m'tauni iyenera kudzifunsa moona mtima. Zida zoimbira zamagetsi ndi mphatso, ndipo akhristu adazigula ndi zopereka zawo. Komabe pamene kiyibodi ndi masipika zakwezedwa mpaka mkhristu sakumva mawu a mnzake amene waima naye pafupi, ngakhale mawu ake omwe, ambiri amangoleka kuimba n'kusanduka oonerera. Khanda limalira, wokalamba amagwira khutu, ndipo mawu a Salimo amamira. Pali ngozi ina ya m'thupi. Bungwe la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa chomvera nyimbo mokweza kwambiri, ndipo limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumva phokoso la madesibelo 80. Phokoso likakwera kuposa apo, nthawi yotetezeka imachepa msanga. Timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo khutu nalonso limatero. Wosamalira zokuzira mawu akatsitsako pang'ono kuti mpingo umveke, wachita ntchito ya chifundo.

Misa ili ndi malo akenso a bata. Malamulo a Misa amapempha kuti pakhale chete pang'ono anthu asanalape machimo, ulaliki ukatha, ndiponso atalandira Ukaristia. Pa nyengo ya Lenti zida zoimbira zimangothandizira mawu a anthu, ndipo kuyambira Lachinayi Loyera mpaka usiku wa Pasaka mabelu salira. Pa 1 Mafumu 19, mneneri Eliya adathawira ku phiri la Horebu atatopa mpaka kupempha imfa. Kudabwera mphepo yamkuntho, chivomezi ndi moto, koma Mulungu adamufikira m'kamphepo kayaziyazi, ndipo adayamba ndi kumufunsa funso n'kumulola kuti adandaule. Mkhristu amene wabwera ku Misa ndi ngongole, matenda kapena banja logwedezeka amasowa mphindi ziwiri zimenezo. Kwa ena, ndi bata lokhalo limene alipeze sabata yonse. Kwaya ikalisiya osalidzaza ndi nyimbo ina, yamutumikira munthu ameneyo.

Kalata ya Yakobo imene yawerengedwa lero ikudzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide, n'kuuza wosauka kuti aime chakumbali. Tsankho lotere limachitikanso ndi makutu. Pa msonkhano wa mphakati, mawu a bwana amamveka msanga kuposa a mayi wogulitsa makala. Pa maliro kwaya imachezera usiku wonse, ndipo zimenezi n'zoyamikika, pakuti maliro n'kulirana. Koma patapita masabata atatu, tenti itachotsedwa ndipo abale atabwerera kumudzi, nyumba ija imangoti zii, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene chisoni chimaluma kwambiri. Oimba atatu kapena anayi atapitako madzulo amodzi opanda masipika, n'kufunsa wamasiyeyo nyimbo imene malemu ankaikonda, n'kuiimba motsitsa, kenaka n'kukhala pansi kumumvera akusimba, angachite zimene Davide adachitira Saulo. Chimodzimodzinso kwa agogo amene miyendo idawakanika ndipo sadapondenso m'tchalitchi zaka zingapo. Nyimbo ya Chilatini kapena ya Maria imene adaiphunzira ali ana ikhoza kuwabwezera mumpingo, ngakhale ali pamphasa.

Abale osamva asaiwalike. Kusamva kwa m'thupi si tchimo ndipo si chilango. Eklezia wakhala akuphunzitsa ana osamva m'masukulu monga a Mary View ku Nguludi ndi ku Mua, ndipo ena mwa iwo akakula amadzakhala m'matauni momwe muno. Amamva kugunda kwa ng'oma m'thupi, amaona kuvina kwa ana a kuguwa, koma ulaliki umawadutsa ngati palibe womasulira m'chinenero chamanja. Parishi imene ingawasungire malo kutsogolo, n'kutuma achinyamata angapo kukaphunzira chinenero chimenechi, yatsanzira Ambuye amene adagwiritsa ntchito zala ndi maso kuti munthu uja amutsate.

Nyimbo ili ndi malire ake, ndipo Buku Loyera silibisa. Pa 1 Samuele 18 ndi 19, Saulo yemwe uja adaponya mkondo kufuna kumulasa Davide, Davideyo ali m'kati moimba zeze. Zeze ankaziziritsa mtima wa mfumu, koma nsanje yake inkafunika kulapa. Momwemonso munthu amene sakugona, sakudya, kapena akulankhula zodzipha, ayenera kuperekezedwa kuchipatala msanga, kwinaku akumupempherera ndi kumuimbira. Pamenepanso kumvetsera n'kofunika. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala ndi kumvetsera anthu opsinjika maganizo, ndipo odwala kwambiri amawatumiza kwa madokotala. Anthu ambiri athandizika ndi agogo amenewa, amene chida chawo chachikulu ndi khutu loleza mtima.

Sabata ino mphakati uliwonse ungathe kutchula dzina la munthu mmodzi amene mawu ake sadamveke kwa nthawi yaitali, n'kusankha anthu okamuchezera. Banja lililonse lingathe kuzimitsa wailesi yakanema ndi kuika mafoni pambali pa nthawi ya chakudya chamadzulo, kuti mwana asimbe za kusukulu mpaka amalize. Kwaya, pokonzekera Misa ya Lamulungu likudzali, ingathe kutuma mmodzi kukaima kumbuyo kwa tchalitchi kuti amve ngati mpingo ukuimba nawo.

Munthu wa ku Dekapoli adabwerera kwawo akumva ndi kulankhula bwino chifukwa anzake adamuperekeza, ndipo Yesu adamupatsa nthawi ya iye yekha. Ambuye yemweyo, amene adakhudza makutu a mkhristu aliyense pa tsiku la Ubatizo, awatsegulenso lero, kuti nyimbo za mpingo wake zifike kwa odwala, amasiye ndi okalamba, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ya Mulungu apeze wina womumvetsera. Amen.