Lilime Lasamukira ku Chala

Pa bwalo la makolo munthu sankaloledwa kugamula asanamve mlandu wonse. Masiku ano bwalo lija lalowa m'thumba. Pa Facebook ndi pa WhatsApp munthu aweruza nkhani za dziko asanasukusule ndi m'maso momwe, ndipo lilime, limene Yakobe Woyera adalifanizira ndi moto, lasamukira ku chala.

Kunena za ndale si tchimo ai. Mkhristu ali mwana wa dziko lake: akhoma msonkho, aponya voti. Pa 8 March 1992 kalata ya Aepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi a m'Malawi, ndipo dziko lidagwedezeka. Koma Ambuye aja adalemba zimene adaazidziwa bwino: malipiro ochepa a anchito, mavuto a m'masukulu ndi m'zipatala, anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu.

Msampha uli apa. Munthu akalemba maganizo ake kawiri katatu, anzake namvomereza, mtima umnyenga kuti wadziwa. Chimene chakula ndi kulimba mtima kwake. Nzeru zili pomwe zidaali. Ndipo popeza walemba poyera, kubweza mau kumchititsa manyazi, tsono ateteza dzina lake, osati choona.

Pa 3 February 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Chigamulo chao chidaali cha masamba pafupifupi 500, ndipo adachiwerenga kuyambira m'mawa kufikira kutada. Iwo akali pakati, anthu pa mafoni adaali atachimasulira kale! Bwalo lija lidanena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Koma pakati pa iwo amene adalemba "50+1" tsiku ndi tsiku, alipo ena amene ayesa kuti kutanthauza 51 pa 100 aliwonse, chonsecho ndi theka la mavoti ndi voti imodzi pamwamba. Nkhani yaing'ono imeneyi; koma amene aphonya chaching'ono chotere, nanga za ngongole za boma adzazinena bwanji?

Kulembako kutha kubala zabwino. Alipo amene atsutsidwa ndi mnzao napita kukafunsa, nawerenga malamulo a dziko. Amenewo aphunzitsidwa ndi kufunsa kuja.

Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri mu 1963 udaphunzitsa kuti nkhani zofalitsidwa zizikhala zoona ndi zosaphwanya chilungamo ndi chikondi. Lamulo lachisanu ndi chitatu silipatula andale. Nduna nayonso ili ndi mbiri yoti iwonongeke. Amene atumiza bodza limene sadalipeke yekha asadziyese wosalakwa, pakuti wanyamula mbaula ya moto wa mwini.

Katundu wa mphunzitsi wa katekisimu alemera koposa, chifukwa akhristu a kumudzi akhulupirira uthenga wake monga akhulupirira phunziro lake la Lamulungu. Ngati adafalitsa chonama, kulapa kokha sikukwanira: abwerere pa gulu lomwelo pamene adalembapo, nanene kuti adalakwa.