Kodi Mlendo Aleka Liti Kukhala Mlendo?

Makolo athu anati, mlendo ndi mame. Ananena motero pofuna kutilangiza kuti tizisamala mlendo, popeza sakhalitsa; dzuwa likakwera, iye wapita. Koma alipo mlendo wina amene afika pamudzi, nagwira nchito, nakwatira, nabala ana, ndipo tsiku la imfa yace aikidwa m'manda a pamudzi pomwepo. Kodi munthu wotere akali mlendo? Funso limeneli lagawanitsa anthu pa masankho m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo tifuna kulilingalira pamodzi ndi inu owerenga, poyang'ana dziko limodzi, la Germany.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Germany anagawika pawiri. Ku West Germany mafakitale anakula msanga, koma manja anaperewera. Cotero boma linapangana ndi Italy mu 1955, Spain ndi Greece mu 1960, ndi Turkey mu 1961, kuti maikowa atumize anthu a nchito. Anthuwo anachedwa "alendo a nchito," dzina loonetseratu kuti tsiku lina adzabwerera kwao. Mu 1964 Mpwitikizi wina, Armando Rodrigues de Sá, analandiridwa ndi maluwa pa siteshoni ya sitima ku Köln, napatsidwa kanjinga kamoto, cifukwa ndiye anakwanitsa ciwerengero ca alendo miliyoni imodzi. Pofika 1973, pamene boma linaleka kuitana anthu, anali atabwera pafupifupi mamiliyoni 14. Mwa iwo mamiliyoni 11 anabwerera. Otsalawo anaitana akazi ao ndi ana ao, nakhazikika.

East Germany nayenso anaitana alendo. Mu 1979 anapangana ndi Mozambique, ndipo anyamata ndi atsikana zikwi zambiri anapita kukagwira nchito kumeneko. Gawo la malipiro ao linasungidwa, nauzidwa kuti adzalilandira pobwerera kwao. Amene agogo ao anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela adziwa bwino malipiro otere. Maiko awiriwo atakhalanso limodzi mu 1990, ambiri a iwo anabwezedwa, ndipo kwa zaka zambiri anaguba m'miseu ya Maputo kufunsa ndalama zao. Otsala anaona zoopsa: mu September 1991, m'tauni ya Hoyerswerda, khamu la anthu linaponya miyala ndi mabotolo a moto pa nyumba ya anchito a ku Mozambique ndi Vietnam, ndipo potsiriza alendowo ndiwo anacotsedwa m'tauni pa mabasi.

Tsono tibwere ku masankho. Ku Ulaya zipani zichedwa za kumanja kapena za kumanzere. Za kumanja zikonda kusunga miyambo yakale. Koma zimene zili kumapeto kweni kweni kwa dzanja lamanja ziphunzitsa kuti dziko ndi la mtundu umodzi, ndipo alendo ndiwo gwero la mabvuto. Cipani cotere ku Germany ndico Alternative für Deutschland, mwacidule AfD. Cinayamba mu 2013 potsutsa za ndalama ya euro, ndipo pa cisankho ca caka cimeneco cinalephera kupeza mavoti 5 mwa 100 alionse, amene lamulo lifuna kuti cipani cilowe m'Nyumba ya Malamulo. Koma mu 2015 anthu pafupifupi 890,000 analowa m'dzikomo kupempha pothawira, ambiri a iwo othawa nkhondo ya ku Syria, ndipo mtsogoleri wa boma, Angela Merkel, sanawatsekere malire. Pamenepo AfD inatembenukira ku nkhani ya alendo. Mu 2017 inapeza mipando 94. Mu February 2025 inapeza mavoti pafupifupi 21 mwa 100 alionse, ndi mipando 152 mwa 630, nikhala cipani caciwiri m'dziko lonse.

Tisafulumire kuweruza anthu mamiliyoni amene anaponya mavoti amenewa, monga ngati onse ali ndi mitima yoipa. Ambiri ali ndi zowawa zeni zeni. Kum'mawa kwa dziko mafakitale ambiri anatsekedwa itapita 1990. Anthu anataya nchito, ndipo ana ao anasamukira kumadzulo, nasiya okalamba okha m'matauni. M'mizinda ikuluikulu lendi ya nyumba inakwera. Mwazi unakhetsedwanso. Mu August 2024 munthu wa ku Syria anapha anthu atatu ndi mpeni pa cikondwerero ca ku Solingen. Mu January 2025 munthu wa ku Afghanistan anapha mwana wa zaka ziwiri ndi mwamuna mmodzi ku Aschaffenburg. Mai amene aopa kutumiza mwana wace kukasewera atamva zotere sacimwa ai. Mwini nyumba ali nao ufulu wa kufunsa kuti wopanga odi pakhomo ndani. Momwemonso dziko lili nao ufulu wa kusunga malire ace, kulanga wakupha, ndi kubweza amene lamulo silimlola kukhala.

Nanga colakwa cili pati? Coyamba, cili pa kusenzetsa anthu onse mlandu wa munthu mmodzi. Bwalo lolungama liitana wopalamula ndi dzina lace. Likayamba kuitana mtundu wonse, laleka kukhala bwalo. Ajeremani adziwa zimenezi koposa mitundu ina, pakuti pakati pa 1933 ndi 1945 boma lao linaloza cala Ayuda, ndipo mapeto ace anali imfa ya Ayuda pafupifupi mamiliyoni 6.

Caciwiri, taonani kumene cipanico cinapeza mphamvu yoposa. Ndi kum'mawa, kumene alendo acepa koposa kumadzulo. M'cigawo ca Thuringia, pa cisankho ca September 2024, cinaposa zipani zonse ndi mavoti pafupifupi 33 mwa 100 alionse. Koma mafakitale a kumeneko anatsekedwa zaka zoposa 20 othawa a ku Syria asanafike. Bala liripodi, koma wolozedwa cala si ndiye analasa. Alozedwa cifukwa aoneka msanga ndi khungu lace ndi malankhulidwe ace, ndiponso cifukwa mlendo wosakhala nzika alibe voti yakudzicinjiriza nayo.

Cacitatu ndico cibwerera ku funso lathu. Mu January 2024 olemba nyuzi anaulula za msonkhano wina wam'seri umene unacitika ku Potsdam mu November 2023, kumene kunalinso anthu ena a AfD. Kumeneko anakambirana njira zocotsera alendo m'dziko, ndi zoumiriza ngakhale nzika zina zobadwa kwa alendo kuti zicoke. Cipanico cinakana kuti msonkhanowo sunali wace, ndipo cinena kuti cifuna kubweza okhawo opanda cilolezo. Koma Ajeremani zikwi mazana ambiri anamva kuopsa kwa mauwo, naturuka m'miseu kuwatsutsa. Anazindikira kuti mdzukulu wa munthu amene anaitanidwa mu 1961 akayesedwabe mlendo, ndiye kuti palibe tsiku limene ulendo wace udzatha.

Ena ayankha pochula phindu la alendo, nakumbutsa kuti mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Achula Uğur Şahin, mwana wa munthu wa ku Turkey wogwira nchito m'fakitale ya magalimoto ku Köln, amene pamodzi ndi mkazi wace Özlem Türeci anatsogolera nchito yopanga katemera wa Covid-19 mu 2020. Nzoonadi. Koma tisamange cilungamo pa phindu lokha, cifukwa tikatero tidzasunga mlendo wanzeru ndi kutaya wofooka. Mai amene anakolopa m'cipatala zaka 30, nakhoma msonkho caka ndi caka, ayenera kukhala mosatekeseka monga momwe akhalira sing'anga wochuka uja.

Ife tiganiza kuti mlendo aleka kukhala mlendo pamene wasenza katundu wa mudzi: waphunzira cinenero, amvera malamulo, akhoma msonkho, alira maliro a anzace. Udindo umenewu ndi wace, ndipo sayenera kuuthawa. Koma akausenza, eni mudzi naonso ali ndi mangawa kwa iye, makamaka ngati ndiwo anamuitana. Pa mwambo wa cikamwini, mkamwini akhoza kuuzidwa kuti anyamule mphasa yace. Koma ana ace palibe awapitikitsa, cifukwa ndiwo eni mudzi. Lamulo la Germany linabvomereza zofanana ndi zimenezi mu 2000, pamene linalola kuti mwana wobadwira m'dzikomo, kwa alendo okhalamo zaka 8 mwa lamulo, akhale nzika cibadwire.

Cifukwa cace, inu owerenga, mukamva munthu wofuna mpando alikunena kuti mabvuto anu onse anadza ndi alendo, mudzifunse kuti bvuto lanu linayamba liti, ndiponso ngati mlendoyo analipo pamene linayamba. Mufunsenso amene anamuitana, ndi amene anadya za thukuta lace. Armando uja anabwerera kwao ku Portugal atadwala, namwalira mu 1979. Kanjinga kace kamoto kanasungidwa m'nyumba yoonetseramo mbiri ya dziko ku Bonn. Adzukulu a anzace amene anatsala ndiwo ayembekeza kumva, pa cisankho ciri conse, ngati akali alendo kapena ai.