Kodi Tim'bisire Wodwala Choonadi?

Pali mwambo umene ambiri a ife tinaulandira osaufunsa. Munthu akagwidwa ndi nthenda yosachiritsika, a pabanja onse amauzidwa, koma mwini nthendayo sauzidwa. Dokotala amaitanira pambali mwamuna wake kapena mlongo wake, nawafotokozera kuti khansa yafalikira ndipo mankhwala sangaibwezenso. Iwo polowanso m'chipinda amamwetulira, nati, "Mupeza bwino mayi, musadandaule." Timachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Timaopa kuti akamva adzataya mtima nafa msanga. Enanso amaopa kuti kutchula imfa ndiko kuiitana, ndipo palibe afuna kudzalozedwa chala pa maliro kuti ndiye analosera zoipa. Koma kodi chikondi chimene chim'siya munthu mumdima pa za moyo wake womwe chakwaniritsa ntchito yake?

Tisaganize kuti vutoli ndi la kwathu kokha. M'chaka cha 1961, dokotala wina wa ku America, Donald Oken, anafunsa madokotala anzake ngati amauza odwala kuti ali ndi khansa, ndipo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse anati kawirikawiri sawauza. Funso lomwelo litafunsidwanso mu 1977, madokotala 97 pa 100 aliwonse anati amawauza. Pa zaka zosakwana makumi awiri maganizo anatembenuka kotheratu, ndipo china chimene chinawatembenuza ndicho chakuti anthu ena anayamba kukhala pansi ndi kumvetsera akufa.

Mmodzi wa iwo anali Cicely Saunders, amene anayamba ntchito monga namwino, pambuyo pake nakhala dokotala. Mu 1967 iye anatsegula nyumba yosamalira odwala otsala pang'ono kufa ya St Christopher's mu mzinda wa London, ndipo chisamaliro chimene achipatala amachitcha palliative care chinakula kuchokera pamenepo. Saunders anaphunzitsa kuti ululu wa munthu wakufa suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, uli m'banja, ulinso mu mzimu, ndipo mbali zonsezi zimakolezana ngati nkhuni pamoto. Kuno ku Africa, Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa ku Uganda mu 1993, nafalitsa mankhwala a morphine akumwa, otsika mtengo, amene wodwala angamwe ali kunyumba kwake. Imeneyi ndi mphatso yaikulu. Koma morphine angathe kuziziritsa ululu wa m'mafupa. Sangayankhe mayi amene wagona maso ali gwa pakati pa usiku, akudzifunsa kuti ana ake adzatsala ndi yani.

Apa ndi pamene pamalowa katswiri wa za maganizo, amene pa Chingerezi amatchedwa psychologist. Ntchito yosamalira maganizo a odwala khansa inakhazikika mu 1977, pamene dokotala Jimmie Holland anayambitsa gawo lake pa chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York. Kawirikawiri katswiriyu salemba mankhwala. Chida chake ndi khutu ndi funso. Amayamba ndi kufunsa wodwala chimene iye mwini akudziwa kale za nthenda yake, ndi chimene akufuna kudziwa. M'zipatala zambiri amam'pempha kuti aloze, pa muyeso woyambira pa 0 kufikira 10, kukula kwa nkhawa imene wakhala nayo sabata imeneyo, monga momwe namwino amayezera kutentha kwa thupi. Amasiyanitsa chisoni, chimene ndi choyenera kwa munthu wosiya dziko, ndi nthenda ya kupsinjika maganizo, imene imam'chititsa munthu kudziona ngati chinyalala ndi kulakalaka kudzipha, ndipo ili ndi chithandizo chake ngakhale m'miyezi yomaliza. Amaphunzitsa wodwala kupuma modekha mantha akam'gwira. Amakhazika pansi mwamuna, ana ndi akuchikazi kuti amve zinthu zofanana pa nthawi imodzi. Ndipo amayang'ananso mwana wamkazi uja amene wakhala miyezi itatu akugona pansi pa bedi la mayi ake m'chipatala, amene palibe anam'funsapo ngati wadya.

Chimene onse ogwira ntchitoyi amachitira umboni n'chakuti odwala ambiri amakhala akudziwa kale. Munthu amaona thupi lake likutha. Amaona kuti mwana wake wa ku Johannesburg, amene sanabwere zaka zinai, watulukira mwadzidzidzi. Amamva anthu akutsitsa mau pakhonde. Koma poona kuti onse akuyesetsa kum'bisira, iyenso amayamba kuwabisira kuti akudziwa, pofuna kuwateteza. Motero m'nyumba imodzi mukhala anthu okondana, aliyense akulira payekha. Ichi ndicho choipa chachikulu cha bodza lachifundo: limam'landa wodwala anzake pa nthawi imene akuwafunitsitsa. Werengani Marko 14:32-37. Ambuye wathu, podziwa kuti imfa yayandikira, sanabise kulemedwa kwa mtima wake. Anauza ophunzira atatu, nawapempha kuti adikire pamodzi naye. Ngati Iye anafuna anzake mu ora lija, nanga mlongo wathu wogona pa mphasa?

Ena mwa ife amakayikira ntchito ya akatswiriwa. Amati Mkhristu ali ndi pemphero, ndipo mantha ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Maganizo amenewa avulaza anthu ambiri, pakuti amaonjezera katundu wa kudzitsutsa pamwamba pa katundu wa nthenda. Eliya, atangotsika pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu napempha kuti afe. Mulungu sanam'dzudzule, anam'patsa tulo, mkate ndi madzi, ndipo pambuyo pake anam'funsa funso, nam'lola kuti atulutse zonse za kukhosi (1 Mafumu 19:4-10). Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa pamene anayamba kum'fotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Katswiri wabwino wa za maganizo waphunzira kukhala m'masiku asanu ndi awiri aja, ndipo ife abusa, amene tinazolowera kulankhula, tiyenera kuvomereza kuti luso limeneli si lathu mwachibadwa. Iye satenga malo a mbusa. Sangam'lonjeze munthu kuuka kwa akufa, ndipo wodziwa ntchito yake akaona kuti chovuta cha wodwala ndi kuopa chiweruzo, amaitanitsa mbusa wa wodwalayo. Tionjezepo chenjezo pano. Ambiri anamva za magawo asanu a chisoni amene Elisabeth Kübler-Ross analemba mu 1969: kukana, kukwiya, kunyengerera, kutaya mtima ndi kuvomereza. Si makwerero oti aliyense akwere motsatana, ndipo si bwino kum'kakamiza munthu kuti afike pa kuvomereza chifukwa choti ife tatopa ndi misozi yake.

Pali chinanso chimene kubisa kumaononga. Hezekiya atadwala, Yesaya anatumidwa kukamuuza poyera kuti akonze za pa banja lake pakuti adzafa (2 Mafumu 20:1). Uthengawo sunatseke pemphero. Ndiwo unalitsegula, ndipo mfumuyo inaonjezeredwa zaka 15. Choncho kunena zoona ndi kuyembekeza chozizwa sizitsutsana. Koma taonani kuti mneneriyo anatchula za pa banja. Ndi ana angati alandidwa nyumba ndi munda chifukwa bambo wao anamwalira akuuzidwa kuti achira? Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye, koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene mwini chuma analemba wilo akali ndi nzeru zake. Ndiponso si chuma chokha. Yakobo, podziwa kuti akupita, anasonkhanitsa ana ake nalankhula ndi aliyense (Genesis 49). Dokotala wa ku Canada, Harvey Chochinov, anakonza njira yonga yomweyo: wodwala amafunsidwa zimene akufuna kuti a pabanja pake adzakumbukire, mau ake amalembedwa, nawasiyira ana ake. Munthu wobisiridwa sapepesa amene anam'lakwira, sadalitsa adzukulu, satsazika.

Nanga kodi kukamba za imfa sikufupikitsa moyo? Mu 2010 madokotala a ku Boston anafalitsa zimene anapeza pa odwala khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene analandira chisamaliro chotere kuyambira pachiyambi, kuphatikizapo kukambirana momasuka za nthenda yao, anavutika pang'ono ndi kupsinjika maganizo, ndipo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi iwiri kapena itatu kuposa anzao. Kafukufuku mmodzi sathetsa nkhani yonse, koma sagwirizana ndi mantha athu.

Komabe tingalakwe ngati titachoka pano ndi changu chokauza aliyense zonse. Choonadi choponyedwa ngati mwala ndi nkhanza. Yesu mwini anauza ophunzira ake kuti anali nazo zambiri zowauza zimene sakanatha kuzisenza pa nthawiyo (Yohane 16:12). Alipo odwala amene amanena momveka kuti safuna kumva zambiri, nati, "Kambiranani ndi mwana wanga wamkulu." Ameneyo wasankha, ndipo tiyenera kulemekeza kusankha kwake, makamaka kuno kumene nkhani zazikulu zimasenzedwa ndi banja lonse. Kusiyana kuli apa: m'njira imeneyi wodwala ndiye wagwira chitseko, ndipo angachitsegule tsiku limene wafuna, m'njira yathu yakale, tinam'tsekera kunja ndi kubisa kiyi.

Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri koposa, ndipo ochuluka amafika kuchipatala nthenda itapita kale patali. Alipo malo amene amasamalira otere, monga Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima, koma akatswiri a za maganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo odwala ambiri adzamwalira osaonanapo ndi mmodzi. Amene adzakhala pambali pa mphasa ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono, dikoni, kapena amayi a Dorika amene abwera ndi ufa ndi sopo. Tsiku lina wodwalayo adzawagwira dzanja, nafunsa, "Amayi, kodi ine ndichira?" Pakamwa pathu pamathamangira kunena kuti inde. Katswiri akanayamba wakhala pansi, nabweza funsolo mofatsa: "Inu mukuona bwanji m'thupi mwanumo? Chikukudetsani nkhawa kwambiri n'chiyani?" Akatero amadikira, ngakhale chete atatalika, kufikira wodwalayo atayamba kulankhula.