Pangano la zanyengo lidzafika liti ku Msongwe?

Ku Msongwe, mu Mzuzu, mvula ikagwa masiku angapo osakata, khoma la zidina limayamba kunyowa m'munsi, ndipo mwini nyumba yapachitunda sagona tulo. Anthu a mu Mzuzu sanaiwale mvula ya mu April 2016 imene inagwetsa nyumba zambiri mumzindawu. Akamva pa wailesi kuti maiko akumananso pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, sangalakwe kufunsa kuti lamulo lomanga dziko lililonse lidzabwera liti.

Ine ndikuona kuti silibwera msanga, ndipo tisadzinamize. Pangano la ku Kyoto la 1997 linkakakamiza maiko olemera kuchepetsa utsi, koma America sinalivomereze, ndipo Canada inalengeza zotulukamo mu 2011 popanda woilanga. La ku Paris la 2015 linakopa pafupifupi maiko onse chifukwa dziko lililonse limadziikira lokha mlingo. Ngakhale zili choncho, America yalikana kawiri.

Pamene tingalimbe ndi pa ndalama, chifukwa ndalama zimawerengeka. Kukonza zimene namondwe wa Freddy anawononga m'dziko muno mu March 2023 kunkafuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Chaka chomwecho ku Dubai, maiko analonjeza madola pafupifupi 700 miliyoni m'thumba lothandizira okhudzidwa ndi ngozi zanyengo, thumba la maiko onse osauka pamodzi. Namondwe mmodzi wa m'dziko limodzi akanalikokolola pafupifupi lonse. Nchifukwa chake sindidabwa kuti ku Baku mu 2024, a Evans Njewa a kuno kwathu akutsogolera gulu la maiko osaukitsitsa, nthumwi za gululo zinanyanyala n'kutuluka m'chipinda chokambirana. Pamapeto pake panalonjezedwa madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, koma ngongole zimawerengedwa momwemo.

Ena amati tiyambe taletsa makala a m'nkhalango ya Kaning'ina. Ndikugwirizana nawo, pakuti damu la Lunyangwa limene timamwa limadalira nkhalangoyo. Koma bambo wokankha njinga ya matumba a makala m'bandakucha si amene anatenthetsa nyanja zobala anamondwe, ndipo mwana wake sayenera kudzabweza ngongole yokonzera zimene ena anawononga.

Nthumwi zathu ziumirire kuti ndalamazi zibwere ngati chipukutamisozi, osati ngongole. Zikabwerako ku misonkhanoyo, zitiuze poyera kuti ndi zingati zimene zifike ku khonsolo ya Mzuzu zokumbira ngalande ndi kulimbitsa nyumba za m'zitunda.