Kodi Uchidakwa ndi Tchimo Kapena ndi Matenda?



Pali funso limene amayi ambiri safunsa pagulu, koma amadikira msonkhano uthe n'kulifunsa motsitsa mawu: "Mwana wanga sakusiya mowa. Ndizimudzudzula ngati wochimwa, kapena ndizimusamala ngati wodwala?" Ena amafunsira amuna awo, ena mdzukulu amene wayamba chamba, ena mpongozi amene chiberekereni mwana akungolira. Funsoli ndi lalikulu, chifukwa yankho lake ndi limene limatiuza chochita: kutenga mkwapulo, kutenga chingwe, kapena kufuna ndalama ya basi yopitira kuchipatala.

Amene amati uchidakwa ndi tchimo ali ndi mfundo. Chikho choyamba munthu amanyamula yekha. Ndalama ya feteleza ikathera ku kachasu, amene amagona ndi njala ndi ana. Mayi akamenyedwa usiku ndi mwamuna woledzera, mabala ake ndi enieni. Tikangoti "ndi wodwala, musiyeni," ndiye kuti tafafaniza misozi ya mayiyo ndi ana ake, ndipo mpingo sungachite zimenezo.

Koma thupi nalo lili ndi umboni wake, umene ine ndinauona zaka zimene ndinali namwino. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ubongo wake umazolowera kugwira ntchito muli mowa. Akasiya mwadzidzidzi, tsiku lisanathe manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa. Ena amagwa ngati akhunyu. Pakapita masiku awiri kapena atatu, ena amasokonezeka mutu, kumaona zinthu zimene palibe, ndipo akhoza kufa kumene. N'chifukwa chake munthu wotere amalawirira kukamwa m'mawa: sakufunanso chisangalalo, akufuna kuti kunjenjemera kuleke. Choncho kuuza munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka kuti "siyani lero lomwe" popanda thandizo la achipatala kukhoza kumuika pangozi. Kuchipatala kuli mankhwala omuthandiza kudutsa masiku oyambawo bwinobwino.

Chamba nacho chimawononga makamaka achinyamata, amene ubongo wawo ukukulabe, ndipo ena chimawafikitsa pomamva mawu a anthu amene palibe. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chilolezo. Silinalole kusuta. Ana athu tiziwauza zimenezi momveka.

Matenda a maganizo ndiye ambiri mwa iwo munthu sasankha n'komwe. Mayi amene wangobereka kumene akhoza kugwidwa ndi kukhumudwa kwakukulu mpaka kulephera kuyamwitsa. Malungo aakulu, kachilombo ka HIV kapena kuvulala m'mutu zikhoza kusokoneza munthu. Komabe ife timathamangira kunena kuti walodzedwa, kapena anakhwimira chuma, kapena chikhulupiriro chake n'chochepa. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wosaona chibadwire, anafuna kudziwa amene anachimwa, koma Ambuye anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake, namuchiritsa. Pa 1 Mafumu 19 mneneri Eliya anatopa mpaka kupempha imfa, ndipo choyamba chimene Mulungu anamutumizira ndi chakudya, madzi ndi mpumulo. Pa Maliko 5 munthu wokhala kumanda uja anthu ankamumanga ndi unyolo, koma Yesu atamuchiritsa anamubwezera kwawo kwa abale ake.

Nanga yankho n'lotani? Ine ndikuona kuti pa uchidakwa zonse ziwiri zilipo, koma chilichonse chili ndi nthawi yake. Mwana akathyoka mwendo chifukwa chokwera mtengo wa mango a eni ake, kuba kulipo ndithu, koma palibe mayi amene amayamba ndi mlandu mwana ali gone pansi. Timayamba tathamangira naye kuchipatala, za mangozo tikambirana mwendo utamangidwa. Chimodzimodzinso womangidwa ndi mowa. Poyamba panali kusankha, koma pamene wafikapa pali matenda amene sangawagonjetse ndi manyazi okha. Udindo wake sunathe ayi. Udindo wake ndi kuvomera kuti vuto lilipo, kulandira thandizo, ndipo akayamba kuchira, kupepesa ndi kukonza zimene anawononga.

Apa tisamale, amayi anzanga, chifukwa chifundo n'chosiyana ndi kubisa. Mayi amene amalipira ngongole za mwana wake kumalo omwera mowa, kapena kunamiza abwana a amuna ake kuti adwala malungo pamene ali ndi matsire, amachita izi mwachikondi, koma amachedwetsa tsiku limene munthuyo adzaone vuto lake. Mupatseni nsima, musamupatse ndalama. Muperekezeni kuchipatala, musamunamire. Ndipo mayi amene akumenyedwa tisamangomuuza kuti banja ndi kupirira. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kudziteteza ndi kuteteza ana si kuphwanya malumbiro a ukwati. Ankhoswe ndi abusa ayenera kuima naye mayi wotere.

Kuchira n'kotheka. Mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, amuna awiri amene mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anapeza kuti akamalankhulana moona mtima za vuto lawo amatha kukhala osamwa. Apo ndi pamene panayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lero lili m'maiko ambiri. Mfundo yawo ndi yoti munthu alimbane ndi tsiku limodzi lokha, la lero, ndipo asalimbane yekha. Wina akagwanso atakhala miyezi osamwa, sindiye kuti zonse zapita m'madzi. Wodwala shuga akadwalikanso sitimuthamangitsa, timabwerera naye kuchipatala.

Kuno kwathu thandizo lilipo. Kuli chipatala cha Zomba Mental, kuli a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandizanso ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo poyambira pafupi ndi chipatala cha boma lanu. Wodwala akapatsidwa mankhwala, tizimulimbikitsa kumwa ngakhale akuoneka kuti wachira, mpaka adokotala atanena okha. Ndinaona ambiri akubwerera ali moipa chifukwa wina anawauza kuti kumwa mankhwala n'kukayika Mulungu. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Amene amamva mapemphero athu ndi yemweyo amene anapereka nzeru kwa madokotala.

Mwina wina akuti, "Ine sindinaphunzire, ndingathandize chiyani?" Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu olemedwa m'maganizo ndi kuwathandiza kupeza njira pa mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku anaonetsa kuti anthu ambiri anapepukidwa. Agogowa analibe madigiri. Anali ndi makutu, nthawi, maphunziro ochepa ndi pakamwa posunga chinsinsi. Zimenezi ifenso tingakhale nazo, makamaka chomalizachi, chifukwa mayi amene nkhani yake yamveka pachitsime sadzabweranso kwa ife.

Munthu akanena kuti moyo wamukwana, tisamuseke kapena kumukalipira. Timufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti alankhule. Tisamusiye yekha, tichotse pafupi mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wabwera kuchokera ku Zomba timulandire pa benchi lathu m'tchalitchi, abwerere ku kwaya, timupatse kantchito, timuitane ndi dzina lake osati "wamisala uja". Pa chinkhoswe kapena pa ukwati tisakakamize chikho munthu amene akuyesetsa kusiya.

Mary Sumner atayambitsa Mothers' Union mu 1876, anafuna kuti amayi azithandizana kulera mabanja, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu mpaka lero ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za thanzi la maganizo. Ndikupempha nthambi iliyonse kuti sabata imeneyo iitane namwino wa kuchipatala chapafupi adzatiphunzitse, ndiponso isankhe amayi awiri odziwa kusunga chinsinsi oti aziyendera mabanja otere. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri mwa ife tili kale ndi dzina la mwana, mlongo kapena mwamuna limene timalitchula m'pemphero tili tokha. Tiyeni tisenzane katundu ameneyu.

Ambuye akudalitseni inu ndi mabanja anu.